Mlungu Umene Ndinayesa Mkamwini pa Damu

Lolemba

Boti lafika! Labwera pa ngolo, likukokedwa ndi lole ya pulazi kuchokera ku Banket, komboni yonse ikulitsatira mpaka ku damu. Ndi lachitsulo, lobiriwira, injini yapachikidwa kumbuyo. Bwana manijala akuti ntchito zake ndi ziwiri: kuthamangitsa otchera maukonde, ndi kukaona pampu imene imakhala pakati pa madzi, pa thandala lomangidwa pa migolo. Pampu imeneyo ndiyo imamwetsa nazale za fodya. Ikangotsokomola, pulazi yonse imadwala.

Akufuna woyendetsa mmodzi. Ntchito yokhazikika, ndi nyumba yake m'komboni.

Mtima wanga wathamangira kwa Lameki, mkamwini wanga, mwamuna wa Esinati. Ntchito yake yosankha fodya inatha titamanga mabelo omaliza, ndipo wanena kale kuti akapanda kupeza china mlungu uno abwerera ku Kariba, kumene ankagwira matemba asanakwatire. Atenga Esinati. Atenga ndi Tadiwa, mdzukulu wanga, amene wangoyamba kunditchula kuti sekulu ndi kundisecha m'matumba kufuna mtedza. Kariba si pafupi. Ine basi ya ku Chinhoyi yokha imandithyola msana.

Ofuna ntchitoyi:
Tongai, woyendetsa thirakitala.
A Filipo, mlonda wa pa geti.
Lameki.

Bwana akuti awayese a Mhofu, kapitawo wa kumunda. Ine mtima kuti thi! A Mhofu ndi munthu wabwino, koma Tongai amapemphera nawo mpingo umodzi. Ndangodzipeza ndaimirira: "Bwana, zamadzi tisiyireni ife. Ife a ku Malawi nyanja ili m'magazi."

A Mhofu akondwa ngati awatula mtolo. Bwana avomera. Akuti: "Koma mukuwasha wanu, mkamwini wanuyo, alipo, mudhara, musakondere. Tsiku lake ndidzaonerera ndekha."

Polemba pano palibe wondimva. Ndinabadwira ku Trelawney, kuseri kwa balani ya fodya. Bambo anga anachokera ku Mchinji, kumtunda. Nyanja ndinaiona pa kalendala. Kusambira sindidziwa.

Zilibe kanthu. Wodziwa boti ndi Lameki, ine yanga ndi kuonetsetsa kuti pasakhale chinyengo. Ndipo mnyamatayo akuyenera. Ulemu! Analeredwa ndi amalume ake mwachikale. Chikwatirire mwana wanga sanandiyang'anepo kumaso. Tikakumana panjira amapatuka, nagwada, maso kumbali. Anzanga amene akamwini awo amawapempha ndudu amandichitira nsanje, ndipo ine nsanjeyo imandikomera.

Lachiwiri

Ndapita kukalizonda boti likali pamtunda. Ndalizungulira, manja kumbuyo, ndikugwedeza mutu kuti ondiona adziwe kuti pafika katswiri. Ndalowamo. Ndafunafuna ndi phazi.

Mulibe mabuleki!

Ndafuna pansi pa mpando, ndafuna ku injini. Mulibe. Chiwongolero mulibenso, muli kamkono kotuluka ku injini basi. Munthu wagula chinthu chosamaliza kupanga, koma ndani akauze bwana?

Masana ndabwereka foni ya Esinati kuti ndione mmene amayesera oyendetsa sitima zazikulu za panyanja. Azibambo ovala zoyera, zipewa zonyezimira, akuimika chinthu chachikulu kuposa shedi yathu osakhudza khoma. Woyesa amangoima pambali, nkhope ili gwa, osaseka. Zimenezo ndingathe.

Mayeso anga ndawakonza motere:
Kuliza injini popanda kutukwana.
Kuzungulira mtengo wouma wa pakati pa damu.
Kubwerera chammbuyo.
Kutola munthu wogwera m'madzi. Munthuyo akhala chigubu cha mafuta ophikira.
Kukaima pa thandala la pampu, pang'onopang'ono, osaligunda.

Chomalizacho ndicho mwini nkhani. Bwana anena okha kuti wogunda pampu asadzabwerenso ku damu, ngakhale kudzachapa.

Zovala: shati yoyera ya ku kwaya, chipewa cha mlamu wanga amene anali mlonda ku Concession, ndi wezulo. Jekete yoyandama inabwera imodzi yokha, ya woyendetsa. Ine ndapempha ku galaji chubu cha tayala la kutsogolo kwa thirakitala. Ndawauza kuti ncha chitetezo cha ophunzira.

Amayi a Esinati andipeza ndikuyesa chubu kuseri kwa nyumba. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti: "Inu amene mumafuwula madzi a m'bafa akafika m'khutu?"

Ndapitiriza kuyesa chubu changa. Kapitawo wa mabalani ngati ine sayankha zilizonse.

Tadiwa wakwawira m'kati mwa chubu, wakana kutuluka. Akuti ndi boti lake.

Lachitatu

Tsiku lozolowera. Aliyense alowe yekha, ine ndionere pamtunda. Bwana apita ku Chinhoyi kukagula mankhwala, ndiye damu lonse ndi langa.

A Filipo: akoka chingwe cha injini mpaka phewa lalira. Injini italira, iwo adzidzimuka, asiya kamkono. Boti lazungulira palokha ngati galu wofuna pogona. Chigubu sanachione nkomwe.

Tongai: walowa monyada, akuti wayendetsa zinthu zazikulu kuposa kabeseni aka. Akufuna kumanja, wakankhira kamkono kumanja, boti lapita kumanzere. Akufuna kukonza, lapitirira. Ndamuona akuponda pansi ndi mwendo wonse kufuna buleki. Wathera m'bango, abakha a m'madzi athawa. Tamutulutsa ndi chingwe. Ndalemba m'mutu: kamkono kamachita zosemphana. Ndanena mokweza kuti zimenezi aliyense amazidziwa.

Lameki: mayi wanga ine! Kukoka kamodzi, injini yavomera. Wakhala pampando wakumbuyo, msana uli chilili, maso kutsogolo. Mtengo wauzungulira mwaudongo. Chigubu wachitola ndi dzanja limodzi osaima. Pa thandala wachepetsa moto akali patali, boti langoyenda lokha, lakagona pambali pa migolo mwakachetechete, ngakhale mbalame imene inali pa pampu sinauluke. Azimayi ochapa aimba nthungululu. Ine ndayang'ana kumbali kuti asaone mano anga.

Ntchito yatha kale iyi. Tadiwa sapita kulikonse.

A Mhofu andikokera pambali. Akuti: "Mudhara, pa mayeso enieni woyesa amakhala m'boti. Kwa mukuwasha wanu ndilowe ndine, inu muone muli panja." Ndawathokoza. Mumtima ndati, ndakuonani, mukufuna mukamusokoneze kuti Tongai wanu apambane. Ndakana.

Madzulo amayi a Esinati nawonso. Akuti ndiphe nkhuku, ndimuitane Lameki, tidye mbale imodzi, ndimuuze ndi pakamwa panga kuti manyazi athe, azindiyang'ana ngati bambo ake. Akuti kwawo amatero mkamwini akakhalitsa. "M'boti mulibe kopatukira, bambo."

Nkhuku? Mlungu wa mayeso? Komboni yonse idzati woyesa wadyetsa wophunzira. Komanso ulemu ngati umenewu suthetsedwa chifukwa cha kabeseni. Ndawauza kuti za panyanja azisiyire a panyanja.

Aseka mpaka akhala pansi. Sindikuona choseketsa.

Lachinayi

Mayeso a a Filipo ndi Tongai. Lero ndalowa m'boti lili pamadzi.

Pansi pake sipakhazikika! Ukaponda apa, pakuthawa. Ndakwawa mpaka kutsogolo, chubu m'chiuno, wezulo m'kamwa. Boti litanyamuka ndayang'ana kutsogolo, ndaona madzi akubwera onse kwa ine, akuda, opanda pansi. Tiyi wa m'mawa wabwerera, nsomba zalandira.

Ndapeza nzeru: kukhala chotembenuka, msana kumene tikupita, nkhope kwa woyendetsa. Ukatero umaona munthu ndi mtunda, mtima umakhala pansi. Ndalengeza kuti oyesa enieni amakhala chonchi kuti aone manja a wophunzira.

A Filipo afika pa mtengo wouma, augwira ndi manja awiri, akana kuusiya. Akuti geti silinawalakwire kanthu, abwerera ku geti. Mmodzi wachoka.

Tongai dzulo lija laphunzitsa. Akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, akudzilankhulira za kumanja, kumene kwawo amati kurudyi: "Kurudyi ndi kumanzere, kumanzere ndi kurudyi." Mtengo wauzungulira patali, pafupifupi kukafika ku pulazi ya eni. Chigubu wachiponda kaye ndi boti, kenaka wachitola. Akanakhala munthu tikanaika maliro. Pobwerera chammbuyo madzi alowa, chipewa cha mlamu wanga chauluka, chamira. Pa thandala wafika mokhotakhota, wakhudza mgolo pang'ono, gu, koma osaswa kanthu. Njira yonse maso ake ali pa ine, akusuzumira mbali iyi ndi iyo ya mutu wanga. Nthawi ina wakuwa: "Mudhara, bvisai musoro, chotsani mutuwo, sindikuona!" Mwano! Koma ndi mmene waonera pampu.

Wakhoza, mwa mtundu wake. Mawa Lameki amuonetsa kusiyana.

Ndatsika. Anthu akuti nkhope yanga yachita phulusa. Ndati ndi mphepo ya panyanja.

Esinati wabwera chakumadzulo, wagwada pakhomo. Akuti bambo a Tadiwa amutuma, akupempha ngati nkotheka mawa m'boti mukhale a Mhofu.

Zandipweteka. Ndiye kuti nayenso wamva za tiyi uja? Mkamwini wanga akundiona ngati sindingathe? Ine amene ndasanza chifukwa cha iye? Ndamuuza Esinati kuti akanene kuti woyesa sasankhidwa ndi woyesedwa. Anafuna kuwonjezera mawu, ine ndakweza dzanja. Wapita akupukusa mutu ngati mayi ake.

Shati yoyera yachapidwa, ili pa chingwe.

Lachisanu

Ndikulemba nditafunda bulangeti masana dzuwa likuswa mtengo.

Anthu anadzaza khoma la damu. Bwana pa galimoto yawo, magalasi akuda. Esinati ndi Tadiwa kumsana. Ine kutsogolo kwa boti, chotembenuka, chubu, wezulo, mutu wopanda chipewa.

Lameki wafika. Wavula nsapato. Wagwada pamatope, waomba m'manja. Ndati: "Lowani, akamwini." Walowa chammbali. Wayang'ana mpando wakumbuyo, waona kuti ndi wofanana msinkhu ndi wanga, wausiya. Wanjuta pansi pa boti, pafupi ndi thanki ya petulo, mutu wake kufika m'mawondo mwanga. Ine mumtima: aone bwana mmene ana olereka amakhalira.

Kukoka kamodzi, injini yalira.

Mtengo wouma: wauzungulira akuuyang'ana chammbali. Bwino.
Chammbuyo: kumeneko ndiye kwawo, nkhope yaloza kutali ndi ine. Bwino kwambiri.
Chigubu: chili pambali, wachitola ngati akutola chipewa chake.

Ndaliza wezulo, ndaloza ndi chala kumbuyo kwanga. Pampu.

Tsopano pampu ili kuseri kwa mutu wanga. Kuti aione, maso ake adutse pankhope panga. Ine ndi chubu changa tadzaza kutsogolo konse. Mnyamata wayang'ana thanki. Wayang'ana madzi a kumanja. Wayang'ana zala zake za kumapazi. Thukuta likutsika m'khosi. Boti likupita.

Kumtunda anthu ayamba kukuwa, manja m'mwamba. Ine ndayesa akutichemerera. Ndawabayibitsa!

Kenaka ndamva mawu a amayi a Esinati pamwamba pa onse: "Muuzeni akuyang'aneni!" Pamenepo ndiye zandilowa. Nkhuku. A Mhofu. Uthenga wa dzulo. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene, koma mawu amenewo sindinawanenepo chikhalire, sanapezeke. Chimene chatuluka nchakuti: "Mukuchita bwino, akamwini."

Wayankha kuti "Zikomo, bambo." Wadzutsa maso pang'ono kuti ayeze mtunda, akumana ndi anga, wawagwetsa msangamsanga ngati wagwira mbaula. Wachepetsa moto, koma mochedwa.

Guuu!

Ndaona thambo, ndaona miyendo yanga, ndaona madzi. Chubu chagwira ntchito yake, koma chayandamitsa mbali yolakwika. Ndamwa damu. Ndamva dzanja likundigwira lamba, likunditembenuza, likundikoka. Lameki akusambira ndi mkono umodzi, nkhope kumbali, akuti "Pepani bambo, pepani bambo" mpaka kumtunda. Ngakhale pondipulumutsa sanandiyang'ane.

Zowonongeka:
Mgolo umodzi wabooka, thandala lapendekeka.
Paipi yaikulu yathyoka pakhosi.
Pampu yamwa madzi, yazima.
Wezulo, sindikudziwa ngati ndameza.

Bwana avula magalasi, awapukuta, alowa m'galimoto.

Tadiwa yekha ndiye waomba m'manja. Akuti sekulu abwerezenso.

Loweruka

Pampu ili ku galaji, yapasulidwa. Amakanika akuti mwina Lachiwiri. Nazale sizidikira Lachiwiri, ndiye pulazi yonse yagwira makheni ndi ndowa, mzere kuchokera ku damu mpaka ku mabedi a fodya. Loweruka, tsiku lochapa ndi lopita ku Banket! Aliyense wondidutsa akundipatsa moni wa "Mwaswera bwanji, a Kaputeni." Wina wajambula nangula pa chitseko cha chimbudzi chathu.

Lameki ali mumzere momwemo, makheni awiri, palibe womulipira. Atandiona wapatuka ndi makheni ake, waponda mbande.

Ndapita ku ofesi. Ndavula nsapato pakhomo, ine kapitawo wa mabalani. Ndafotokoza zonse: kuti Lachitatu anaimika boti mbalame osauluka, kuti afunse azimayi ochapa, kuti wolakwa ndine ndi mutu wangawu, kuti kwathu mkamwini sayang'ana apongozi. Ndapempha kuti amuyesenso, m'boti mukhale a Mhofu.

Bwana akuti: "Lachitatu sindinalione, mudhara. Ndaona Lachisanu. Munthu akuyendetsa akuyang'ana zala zake! Saka, nanga tsiku lina ndikakwera ine?"

Ndati inu si apongozi ake.

Akuti: "Ndinanena pamaso pa anthu kuti wogunda pampu asabwerenso. Ndikasintha chifukwa ndi mukuwasha wa foromani, mawa ndidzalamula ndani?" Ntchito apatsa Tongai. Ine andiuza kuti ndibwerere ku mabalani, kumene kulibe madzi.

A Mhofu sananene kuti ndinakuuzani. Angondigawira fodya wawo wa m'mphuno. Zikanakhala bwino akanandinyoza.

Madzulo kwabwera a Jumbe, ankhoswe a Lameki, nkhuku yoyera m'khwapa. Akuti mkamwini akupepesa chifukwa chonyowetsa apongozi ndi kuwachititsa manyazi pagulu. Iye kupepesa ine! Akutinso anyamuka mawa, mnzake wa ku Kariba wamusungira malo pa boti la matemba, ndipo akachedwa apatsa wina.

Ndalandira nkhukuyo manja akulemera. Amayi a Esinati aiyang'ana, andiyang'ana. Akuti: "Nkhuku yafika. Yangosokera njira, inayenera kuchokera kuno."

Madzi akatayika saoleka. Lero ndawaona ndi maso, m'makheni.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinaimbe. Shati ya kwaya ili ndi matope osachoka.

Nkhuku ija ndapha ndekha. Ndatuma Esinati kuti akaitane mwamuna wake. Wabwera, wagwada patali pafupi ndi mulu wa nkhuni. Ndati asendere. Wasendera pang'ono. Ndanyamula mbale, ndapita ine, ndakhala pansi pafumbi pomwepo, mawondo akulira. Ndamupatsa nthutumba. Ndati: "Akamwini, manyazi athe. Ndine bambo wanu. Tandiyang'anani."

Mawu ochepa chonchi. Lachitatu akanakwana.

Watenga nthawi. Kenaka wadzutsa nkhope, wandiyang'ana, osathawa. Munthu wakhala nafe zaka zonsezi, ine ndimadziwa liwombo lake ndi makutu basi. Ali ndi kachipsera pachikope. Ndipo maso aja a Tadiwa, aakulu, oseka, amene ndakhala ndikuuza komboni yonse kuti anatengera ine, ndi ake.

Akuti: "Bambo, tidzabwera pa Khirisimasi." Ndavomera. Pa Khirisimasi fodya amakhala ali m'balani, matemba ali pa msika, tonse tikudziwa.

Tawaperekeza ku msewu waukulu. Katundu: chikwama, matiresi, mapoto m'saka. Tadiwa amafuna kutenga chubu, kondakitala wakana. Pokwera kombi wandisecha thumba la kumanzere, wapeza mtedza, la kumanja sanafike, mayi ake amukoka. Lameki wakhala pawindo. Wandiyang'ana mpaka kombi yakhota.

Pobwerera tadzera ku damu. Tongai akuzolowera ntchito yake. Ali m'bango, akuponda pansi kufuna buleki. Wandikuwira kuti ndimuponyere chingwe, poti ine ndi wa kunyanja. Ndamuponyera.

Amayi a Esinati sanaseke lero. Ali m'nyumba, akupinda tizovala timene taiwalika pa chingwe.

Mawa ku mabalani. Chubu ndibweza ku galaji.

M'thumba la kumanja mukali mtedza.